Tsiku Limene Bambo Anakanenerera Digiri

Bambo anga sanagulepo chinthu pa mtengo umene wogulitsa wayamba kutchula. Ntchito yawo ndi yogula mafiriji ndi masitovu akutha, kuwakonza, n'kuwagulitsanso, ndipo mumsewu wathu wonse palibe amene amavutika ndi dzina lawo lenileni. Aliyense amangoti a Tsitsaniko. Ine ndine mwana wawo woyamba, ndipo ndine ndinkayendetsa pikapu yathu yonyamulira katunduyo.

Kunenerera kwa bambo sikunali kwa munthu mmodzi. Inali ntchito ya banja, aliyense ndi mbali yake. Bambo ankazungulira katunduyo, kumugogoda, kumununkhiza, mpaka kupeza chilema ngakhale pamene palibe. Ine ntchito yanga inali kuima kumbuyo kwawo manja ali m'thumba, kupukusa mutu ndi kutsonya. Amayi ankadikira mpaka wogulitsa atayamba thukuta, kenako n'kunena motopa kuti, "Bambo a ana, tiyeni tizipita. Ija tinaona dzulo ija inali yabwinopo." Dzulo lakelo tinali tisanaone kanthu. Tikatero tinkanyamuka pang'onopang'ono, osacheuka, ndipo tisanafike patali wogulitsa ankatithamangira kuti tibwerere tikambirane. Bedi la makolo anga, nsapato zanga za sukulu, ngakhale pikapu imene, zonse zinalowa pakhomo pathu mwa njira imeneyi.

Mlongo wanga wamng'ono anapulumuka ntchito imeneyi chifukwa cha mutu wake. Anakhoza bwino, nasankhidwa kupita ku yunivesite ya boma kukaphunzira zamakompyuta, ndipo tsiku limene zotsatira zinatuluka amayi anavina mpaka anaponda mchira wa galu. Kumeneko fizi inali yoti munthu wokonza mafiriji n'kuikwanitsa. Vuto linali loti sukuluyo inkatsekedwa kuposa mmene inkatsegulidwira. Aphunzitsi akanyanyala ntchito, ankatseka. Aphunzitsi akabwerera, ophunzira ankakwiya ndi miyezi imene yatayika, n'kuswa mawindo, ankatsekanso. Akaika mawindo atsopano, amene ankanyanyala anali ogwira ntchito m'maofesi. Zaka ziwiri za maphunziro zinamudyera pafupifupi zaka zinayi, ndipo matiresi ake ndinawanyamula kupita ndi kubwera nawo kambirimbiri mpaka alonda a pageti anayamba kundifunsa kuti ndikuphunzira chiyani.

Ulendo uno anali atakhala pakhomo miyezi yambiri. Anzake amene analephera kulowa ku boma, n'kupita ku mayunivesite a pulaiveti, anali atamaliza, ndipo zithunzi zawo za zisoti za makona anayi zinkangolowa m'foni mwake. Anasiya kuseka nthabwala zanga, zimene ndi zabwino ndithu. Masana ankakhala kuseri kwa shopu, pakati pa mafiriji opanda zitseko, buku lili pamwendo koma osatembenuza tsamba. Zinkandimvetsa chisoni, ngakhale sindinamuuze.

Tsiku lina tikudya anayala nkhani. Yunivesite ina ya pulaiveti inkalandira ophunzira osamuka kuchokera ku boma, ndipo tsiku lomaliza linali Lachisanu. Atatchula fizi, bambo anamuuza kuti abwereze. Atabwereza anafunsa ngati ndalama imeneyo akumupatsiratu ndi kalasi yomwe, abwere nayo kunyumba akamaliza.

Tonse tinadziwa kuti pakhomo pathu chinthu chokwana mtengo umenewo chinali chimodzi chokha, ndipo chinali panja chikudontha oyilo. Mwini butchala wa pakona anali atayamba kale kuisirira pikapuyo. Tikadutsa ankaisisita pabonati, n'kutikumbutsa kuti ndalama ali nazo m'manja, tsiku lililonse limene tingafune.

"Pikapu ayi," ndinatero ine. "Mukaigulitsa, mafiriji azibwera kuno pamutu pa ndani? Ine ndizigwira ntchito yanji?"

"Uli ndi miyendo," anatero amayi.

"Miyendo ndili nayo, koma firiji ilibe. Ndiye munthu asiye sukulu yotchipa, yodziwika dziko lonse, akalipire chuma chonsechi pa digiri yomweyo? Boma litsegula. Limatsegula nthawi zonse."

"Limatsekanso nthawi zonse, achimwene," anatero mlongo wanga osadzutsa mutu.

Bambo ankatokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi. Kenako anamwetulira kumwetulira kumene ndimakudziwa, kwa munthu amene waona firiji yabwino m'manja mwa wogulitsa wopusa.

"Nonsenu mukulira maliro a munthu wamoyo. Umenewo ndi mtengo woyambira. Tikapita tokha tikaonane nawo, utsika, ndipo pikapu sipita kulikonse."

"Bambo, kumeneko sanenerera," anatero mlongo wanga.

"Palibe kumene sanenerera, mwana wanga. Iwe amene pobadwa ndinanenerera kuchipatala."

Lachisanu tinapita tonse anayi. Bambo anavala jekete yawo ya maukwati, koma nsapato anasankha zakutha, kuti anthuwo asaganize kuti tili ndi ndalama. M'njira anatikumbutsa malamulo. Palibe kuyamikira chilichonse. Palibe kumwetulira. Iwo akakanda khutu, ine nditsonye, amayi anene mawu awo, tizipita. Mlongo wanga anapempha kuti iye atsale m'galimoto, koma bambo anakana. Anati wogulitsa amafewa akaona mwana.

Mlonda wa pageti anaiyang'ana pikapu yathu, nayang'ana pansi pake, n'kutipempha mwaulemu kuti tiimike kunja. Anatipatsa makadi a alendo a zingwe, ovala m'khosi. Titangolowa amayi anaphwanya lamulo loyamba.

"Koma maluwawa abale," anatero, ataima pakati pa njira.

Bambo anawayang'ana ndi diso limodzi.

"Ndikunena kuti achuluka," anakonza amayi. "Amabweretsa udzudzu."

Ofesi yolembera ophunzira inali ya matailosi oyera, yozizira, ndipo munali zii. Pamipando panali makolo ena ndi ana awo, aliyense atagwira envelopu yake, akulankhula monong'ona. Bambo sanakhale pansi. Anayamba ntchito. Anagogoda khoma ndi chala n'kupukusa mutu. Anagwedeza mpando wopanda munthu. Anafika pa makina amadzi akumwa amene anali pakona, nagwada ndi jekete yawo ya maukwati, n'kuika khutu kumbuyo kwake.

"Kompulesa iyi sifika Khirisimasi," analengeza kwa anthu onse.

Mlongo wanga anabisa nkhope mu envelopu yake.

Nthawi yathu itakwana tinakhala kutsogolo kwa mayi wina wa magalasi, wa imvi pang'ono, wa nkhope ya munthu amene waona makolo a mitundu yonse. Anatilonjera bwinobwino, natenga mapepala a mlongo wanga. Bambo anafunsa fizi ngati sakuidziwa. Mayiyo ataitchula, bambo anaseka kuseka kwawo kwa pamsika, kogwira pamimba.

"Ayi, mayi, tiyeni tilankhule ngati akuluakulu. Womaliza ndi uti?"

"Womaliza chiyani, bambo?"

"Mtengo. Uwo ndaumva, ndi wa anthu odutsa. Ine ndabwera ndi banja."

"Mtengo ndi umodzi, bambo. Mungathe kulipira pang'onopang'ono, koma gawo loyamba liyenera kulowa lero tisanatseke, folo koloko."

Bambo anayang'ana uku ndi uku kufuna chilema china. Pakhoma panali zithunzi za aphunzitsi a pasukulupo, m'mafelemu agolide. Mlongo wanga anali atayang'anitsitsa chimodzi, cha bambo wina wa dazi ndi tayi yofiira, ndipo mawu anangomupulumuka.

"Awo amatiphunzitsa ku boma. Ndi amene akutsogolera sitalaka."

Maso a bambo anawala. M'moyo wawo wonse wogogoda zinthu anali asanapezepo chilema chachikulu chotere.

"Mwamva, mayi? Aphunzitsi anuwa ndi ogwiritsidwapo kale ntchito. Ine ntchito yanga ndi yomweyo, sindikunyozani. Koma katundu wogwiritsidwapo kale sitigulitsa pa mtengo wa watsopano. Munthu yemweyo, dazi lomwelo, uko ndimalipira pang'ono, kuno mukufuna galimoto yanga yonse. Chasintha n'chiyani, tayi?"

Kumbuyo kwathu bambo wina anaseka, mkazi wake n'kumugunda ndi chigongono. Mayi wa magalasi sanakwiye.

"Kuno amalowa m'kalasi, bambo," anatero. "Chimene mukulipira n'chimenecho."

Yankho limenelo linalibe pogwira.

Mayiyo anabwerera ku mapepala. Anawawerenga nthawi yaitali, akuyerekeza ndi zimene zinali pakompyuta yake, kenako anavula magalasi n'kuyang'ana mlongo wanga.

"Wakhoza bwino kwambiri, mwanawe. Koma maphunziro a chaka chachiwiri a uko sakufanana ndi athu. Chaka choyamba tichilandira. Chachiwiri uyenera kubwereza."

Apa mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, sindibisa. Kulipira pikapu yonse, n'kubwereranso m'mbuyo chaka chathunthu. Ngakhale wamisala sangavomere. Ndinayamba kuganiza za sitovu imene tinayenera kukatenga madzulo amenewo.

Koma bambo anali atasintha nkhope. Tsiku lonse anali wogula, akunyoza katundu wa eni ake. Tsopano munthu wina anali atagogoda katundu wawo n'kunena kuti theka lake ndi lakutha. Anakhala tsonga, naika manja onse awiri patebulo.

"Mayi, chaka chimenecho mukuchitaya ngati chigubu chobooka, mukudziwa mmene chinapezekera? Mwana uyu m'kalasi mwawo mipando sikwana. Amapita m'mamawa, akapeza yadzaza amakhala pansi, kulembera pabondo. Atatseka sukulu pakati pa temu anawerengera mu shopu mwanga, ine ndikudula zitsulo pambali pake, mpaka anaika thonje m'makutu. Mayeso ena analemba akunjenjemera ndi malungo, osatiuza, kuopa kuti tikamutenga. Sanalepherepo phunziro ngakhale limodzi. Sanandipemphepo chinthu kawiri. Ine ndagwira zinthu zambiri m'manja mwangamu, ndimadziwa chabwino ndikachiona, ndipo ngati uyu simumupezanso. Mukanakhala anzeru bwenzi mukundilipira ndinu kuti ndimusiye pano."

Mlongo wanga anali akuwayang'ana bambo kukamwa kuli yasa. Muyenera kumvetsa kuti bambo anga sayamikira chinthu, chifukwa kuyamikira kumakweza mtengo. Chakudya cha amayi chikakoma kwambiri amati sichinaipe. Mwana uja anali asanamvepo mawu amenewa chibadwire, ndipo anawamvera mu ofesi ya eni ake, akunenedwa kwa mlendo. Ine ndinachita nsanje pang'ono.

"Ndikukumvani, bambo," anatero mayi uja mofatsa, "ndipo ndikukhulupirira zonse mwanenazi. Koma malamulowa sindiika ndine. Malo a osamuka atsala ochepa, ndipo anthu ali kumbuyo kwanuwo abwerera omwewo."

Bambo anakanda khutu.

Ndinayang'ana kumbali, ngati sindinaone. Anakandanso, mwamphamvu, mpaka khutu linafiira. Ndinalibe kothawira. Ndinatsonya. Pamsika kutsonya kwanga kumamveka bwino, kwaulemu wake, koma m'chipinda cha matailosi chija kunalira ngati nsalu yong'ambika, ndipo anthu onse anatembenuka.

Amayi anaimirira, nakonza chikwama chawo paphewa.

"Bambo a ana, tiyeni tizipita. Ija tinaona dzulo ija inali yabwinopo."

"Iti, mayi?" anafunsa mayi wa magalasi, mofunadi kudziwa.

Zaka zonsezi palibe wogulitsa amene anafunsapo funso limeneli. Amayi anatsegula pakamwa, natseka, nayang'ana bambo.

"Ija ya boma ija," anatero.

"Yatsegulidwa?"

"Ayi. Koma ndi yabwinopo."

Tinanyamuka. Bambo patsogolo, amayi pambuyo pawo, kenako ine, mlongo wanga kumapeto atakumbatira envelopu yake. Tisanafike ndi pachitseko pomwe tinamva mawu a mayi uja, osakwera, osatsika.

"Wotsatira."

"Machenjera amenewo," ananong'ona bambo. "Akufuna tione ngati ali ndi makasitomala ena. Musacheuke."

Tinayenda m'khonde pang'onopang'ono. Tinatsika masitepe ngati anthu odwala miyendo. Panjira ya maluwa ija bambo anaima kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Ophunzira ankatipitirira ndi zikwama zawo, ena n'kutifunsa ngati tasochera. Munthu wina wothirira kapinga anazimitsa mpope wake kuti tidutse, natidikira, natopa, nautsegulanso. Kumbuyo kunalibe phazi lililonse lotitsatira, ndipo ndinaona khosi la bambo likuuma chifukwa chofuna kucheuka.

Tinatuluka pageti. Titatsala pang'ono kufika pa pikapu, tinamva mapazi akuthamanga.

"Bwana! Taimani, bwana!"

Bambo anaima, natulutsa mpweya wonse umene anausunga kuchokera mu ofesi muja. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, nkhope ili ngwee.

"Ndinati chiyani? Tsopano musaonetse kukondwa. Ndilankhula ndine."

Anatembenuka mwaulemerero. Wothamangayo anali mlonda uja, akupuma mwawefuwefu.

"Makadi a alendowo, bwana. Amatsala pageti."

Tinavula makadi aja m'khosi, mmodzimmodzi, n'kumupatsa. Anawawerenga, natithokoza, koma sanachoke msanga, chifukwa bambo anali asanasiye chingwe cha khadi lawo. Anachita kuwagwira dzanja kuti alimasule.

Mlonda atabwerera pageti, bambo anatsamira pikapu. Jekete ija inaoneka yaikulu pa iwo. Mlongo wanga anakakhala kumbuyo, pachitseko chotsitsa, miyendo ili lende, akuyang'ana matayala. Ndinalankhula ine, chifukwa wina anayenera kunena zanzeru.

"Basi, zatha bwino. Taganizani. Kuno abwereza chaka, ndiye zaka zitatu. Ku boma zatsala ziwiri. Kuno pikapu ipita, ndipo ndi fizi ya chaka chimodzi chabe, zotsalazo tidzazipeza kuti opanda galimoto? Mphunzitsi ndi yemweyo. Digiri ya boma mabwana amailemekeza. Tiyeni tikatenge sitovu ija dzuwa lisanalowe."

Zonse zimene ndinanenazi zinali zoona, ndipo mpaka lero palibe amene ananditsutsa.

"Iwe walankhula, bambo ako alankhula tsiku lonse, ine ndanama pamaso pa anthu," anatero amayi. "Mwiniwake alipo amene wamufunsa?"

Bambo anazungulira pikapu, nakaima kutsogolo kwa mwana wawo. Anachita ngati akufuna kuika dzanja paphewa pake, koma analiika pa chitsulo cha galimoto.

"Iwe ukuti bwanji?"

"Achimwene akunena zoona, bambo. Ndaziganizira zonsezo, kuyambira kalekale. Pikapu ikapita achimwene alibe ntchito. Inu muzilipira magalimoto a eni ake, kapena muzinyamula nokha ndi msana wanu womwe ukuvuta kalewo. Amayi aziyenda wapansi. Sindingapemphe zimenezo."

"Sindinakufunse mtengo. Mtengo ndaumva, ndipo sutsika, ndaona ndekha. Ndikufunsa chimene ukufuna."

Mlongo wanga anadzutsa mutu. Atayamba kulankhula mawu ake anali aang'ono, ndipo misozi inali ikugwera pa envelopu.

"Ndikufuna kumaliza, bambo. Ndatopa."

"Ngakhale akubweze m'mbuyo chaka chonse chija?"

"Chaka chobwereza ndikudziwa tsiku limene chidzathe. Kunyumba kuja ndikadzuka sindidziwa chimene ndikudikira."

Bambo anagwedeza mutu. Anayang'ana wotchi yawo, nayang'ana geti, kenako anayang'ana ine. Ndinadziwa zimene zikubwera, ndipo ndinakwiya zisanafike.

"Pita kwa mwini butchala. Umuuze kuti lero ndi tsiku lake. Akupatse ndalama, iwe ukwere basi ubwere nazo kuno. Ine ndi mlongo wako tikakhala pamzere."

"Bambo, munthu ameneyo akaona kuti tathamanga atidyera masuku pamutu. Atchula mtengo wa njinga."

"Umene atchulewo ulandire."

"Osanenerera?"

"Nthawi palibe. Ulandire."

Bambo anavula chipewa chawo, nachipinda m'manja, n'kupita kwa mlonda kukapemphanso makadi awiri. Mlongo wanga anatsika, nabwera pawindo langa ndili kale pa chiwongolero.

"Achimwene, pepani."

"Choka apa, ukapeza malo atatha," ndinatero. Sindinathe kumuyang'ana.

Amayi anakwera kutsogolo, pambali panga. Ndinaliza injini, ndipo inalira nthawi yomweyo, chinthu chimene siinkachita kawirikawiri. Ndinali wokwiya ndi bambo, ndi boma, ndi mphunzitsi wa tayi yofiira, ndi mwini butchala amene ndinali ndisanafike n'komwe kwa iye. Galimoto imeneyi ndinaiphunzira ndili mnyamata, ndinkadziwa kulira kwake kulikonse, ndipo Lolemba ndinali woti ndidzuka wopanda ntchito. Zinandiwawa kwambiri. Pagalasi ndinaona awiri aja akudutsa njira ya maluwa, mwana patsogolo, bambo akuthamangira pambuyo pake ndi nsapato zawo zakutha.

Titalowa mumsewu waukulu amayi anagwira chitseko ndi manja awiri.

"Chepetsa liwiro, iwe. Ukuthamangira chiyani?"

"Akutseka folo koloko, amayi," ndinatero, n'kusintha giya.